Malangizo amodzi sangalime mpunga ku Kaporo ndi ku Muona

Pitani pamsika wa Limbe, wa Lilongwe kapena wa Mzuzu, mbali ija amagulitsako mpunga, mufunse mtengo. Musanamve za mtengozo mumva kaye mawu awa: "Kilombero uyu, bwana, wa ku Karonga weniweni." Akutapirani pang'ono m'manja kuti mununkhize. Mwini beseni loyandikana nalo anenanso zomwezo, wotsatira chimodzimodzi. Tonse tikudziwa kuti si mpunga wonsewo unachokeradi ku Karonga. Komabe wogulitsa amatchula Karonga chifukwa amadziwa zimene zili mumtima mwa wogula. Mayi aliyense amene anaphikapo mpunga wa paukwati kapena wa pa Khirisimasi amadziwa kuti mpunga umatengera kumene unalimidwa. Mbewu ikhoza kukhala imodzi, koma wa kuno fungo lake n'kufika mpaka kwa aneba, wa uko n'kungokhala woyera basi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nzeru imene mayi wa pamsikayu ali nayo imasowa m'mapulani a ulimi a dziko lino. Tikamakamba za mpunga m'misonkhano timaukamba ngati chimanga: mbewu yamakono, feteleza matumba awiri, kubzala ndi mvula yoyamba, ndiye kuti nkhokwe zadzaza. Ine ndikuti ayi. Mpunga umamvera malo ndi nyengo koposa mbewu zambiri zimene timalima, ndipo malangizo amene angapindulitse mlimi wa ku Kaporo m'boma la Karonga akhoza kumugwetsa chagada mlimi wa ku Muona m'boma la Nsanje. Tikapitiriza kuliona dziko lonse ngati munda umodzi, tizingokolola matani pafupifupi 2 pa hekitala pamene maiko onse tikawaphatikiza akukolola oposa 4, ndipo tizingonena alimi kuti ndi aulesi pa mlandu umene si wawo.

Taonani kaye kumene mpunga umalimidwa. Simuupeza wochuluka pamtunda pa Dedza, ku Kasungu kapena ku Mzimba. Uli m'mphepete mwa nyanja, ku Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima. Uli m'chigwa cha Bwanje. Uli m'madambo ozungulira nyanja ya Chilwa m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, komanso m'chigwa cha Shire. Malo onsewa ndi otsika, ofunda, ndipo dothi lake lambiri ndi lamakande losunga madzi. Palibe nduna imene inalamula kuti zikhale choncho. Ku Nkhotakota mpunga unali utakhazikika kale m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya a Jumbe. Masikimu amene boma linamanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, ena mothandizidwa ndi akatswiri a ku Taiwan, anangotsatira kumene madzi ndi kufunda zinali kale: Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Bua ku Nkhotakota, Domasi ndi Likangala kuchigwa cha Chilwa, Nkhate ndi Muona kuchigwa cha Shire.

Kufanana kwa malowa kumathera pomwepo. Kumpoto kwa Karonga, cha ku Kaporo mpaka ku Songwe, mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kusiya. Mwezi wa Epulo kumeneko imakhala ikugwabe yamphamvu pamene kumwera anthu ayamba kale kukolola chimanga. Mitsinje yotsika m'mapiri imasefukira m'chigwa n'kusiya matope achonde. Mpunga wochedwa kucha ngati Kilombero umapeza nthawi yokwanira, ndipo njere zake zimakhwima m'miyezi imene kunja kwayamba kuzizirira. Pa nkhani ya fungo zimenezi si zazing'ono. Kanthu kamene kamanunkhiritsa mpunga kamasungika bwino m'njere zikamakhwima kusakutentha kwambiri, koma kukatentha kamachepa. Mukatenga mbewu yomweyo n'kukaibzala kumene ikakhwimire padzuwa loswa mtengo, mukolola mpunga wautali bwinobwino, dzina lake Kilombero, koma mumphika mukhala zii.

Ndinaziona ndekha zimenezi ndili mnyamata, kwathu kuchigwa cha Chilwa. Azakhali anga analandira kathumba ka mbewu ya Kilombero kuchokera kwa m'bale wathu amene ankagwira ntchito kumpoto. Chifukwa cha chimwemwe sanadikire dzinja. Anafesa nazale mu Ogasiti n'kuwokera m'dimba mwawo mmene munali madzi a kasupe. Mpungawo unakula mochititsa kaso, wobiriwira, wofika m'chiuno, moti odutsa ankaima n'kumayamikira. Anzawo amene anabzala mbewu zocha msanga anakolola mu Disembala. Wa azakhali unali ukadali masamba okhaokha, ngala osaoneka. Ena anayamba kunong'ona kuti alipo wawapondera m'munda. Panalibe wowapondera. Kilombero ndi Faya ndi mbewu za dzinja zimene zimamvera kutalika kwa usana. Zimadikira kuti usana ufupike mokwanira, cha mu Malichi ndi Epulo, ndiye zimatulutsa ngala. Mukazibzala pamene usana ukunka nutalika zimangokula osabereka, zikumwa madzi anu ndi mphamvu zanu. N'chifukwa chake m'masikimu, nyengo ya chilimwe, alimi amabzala mitundu ngati Pusa (amene amatchedwanso Nunkile) ndi TCG 10, imene simawerenga kwambiri za usana. Azakhali anataya miyezi isanu ya ntchito chifukwa panalibe munthu wowauza mawu awiri okhawo.

Chachiwiri chimene mpunga umawopa ndi kuzizira, ndipo ambiri sakhulupirira chifukwa amati Malawi ndi dziko lotentha. Masiku 10 kapena 12 ngala isanatuluke, pamene alimi amati mpunga uli ndi mimba, m'kati mwake mumakhala mukupangika mungu. Usiku ukazizira kutsika pansi pa madigiri 18 kapena 17 kwa masiku angapo pa nthawi imeneyo, mungu umawonongeka. Ngala imatuluka ndithu, koma imaima chilili osawerama, ndipo mukaifinya mupeza mankhusu opanda kanthu. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita oposa 600 kuchokera pamene pali nyanja zikuluzikulu zamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamatsika m'mapiri a Mulanje ndi Zomba, usiku umazizira mokwanira kuwononga mpunga. Mlimi wa ku Domasi amene wafulumira kufesa wa mthirira mu Epulo ndiye kuti wauperekeza mpunga wake m'kamwa mwa chisanu. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye musadabwe kuti madambo a ku Dedza, ngakhale ali ndi madzi, sapikisana ndi a ku Salima. Vutoli silisankha osauka okha. Mu 1993 dziko la Japan, lokhala ndi makina ndi akatswiri onse aja, linakumana ndi nyengo yozizira pa nthawi imene kumayenera kufunda. Zokolola zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo anachita kukagula mpunga ku Thailand, China ndi America.

Tsikirani ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nkhani yatembenuka. Kumeneko malo ena sapitirira mamita 100, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Duwa la mpunga ndi kanthu kakang'ono kamene kamatseguka kamodzi kokha, chakum'mawa dzuwa litakwera, kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kutentha kukadutsa madigiri 35 pa ola limenelo, mungu sutuluka bwino ndipo njere sipangika. Zotsatira zake n'zofanana ndi za chisanu, mankhusu opanda kanthu, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Wa ku Domasi ayenera kuchedwerako kufesa kuti athawe Julayi. Wa ku Nkhate ndi ku Muona ayenera kufulumira kuti mpunga wake uchite maluwa Okutobala asanafike pachimake. Tsono mlangizi wa pa wailesi akanena tsiku limodzi loti dziko lonse lifese mpunga wa mthirira, ndiye kuti mmodzi mwa awiriwa wamupweteka, ngakhale cholinga chake chinali chabwino.

Palinso kutentha kwa usiku, kumene sikuoneka ndi maso. Masana mpunga umapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, usiku umadya china mwa chakudyacho popuma. Usiku ukamafunda umadya chambiri, chotsala cholowa m'njere n'kuchepa. Mu 2004 akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Philippines anatulutsa zimene anapeza atayeza minda yawo kwa zaka zoposa 10: m'nyengo ya chilimwe, kutentha kwa usiku kukakwera ndi digiri imodzi yokha, zokolola zinkatsika ndi pafupifupi 10 pa 100 aliyense. Digiri imodzi munthu suimva n'komwe pakhungu. Njere zokhwima usiku wofunda zimakhalanso ndi mimba yoyera ngati choko ndipo zimasweka kuchigayo. Mlimi amaluza kawiri, matumba achepa ndipo venda akuti mpunga wanu ndi woswekasweka, mtengo utsike. Dziko likamanka lifunda, chigwa cha Shire ndicho chiyambe kumva zimenezi, chifukwa chili kale m'mphepete mwa malire amene mpunga ungapirire.

Ena amadabwa akamva kuti maiko amene amakolola mpunga wambiri pa hekitala si a mvula yambiri. Egypt, kumene mvula imachita kusowa, amakolola matani pafupifupi 9. Australia amafika cha pa 10. Ku California nakonso ndi kouma. Chinsinsi chawo ndi dzuwa lambiri lopanda mitambo, usiku wozizirira bwino, ndi madzi amene amachita kutsegula ndi kutseka okha. Mpunga umafuna mapazi m'madzi, mutu padzuwa. M'dzinja lathu mitambo imaphimba dzuwa masiku ambiri, chinyontho chimabweretsa matenda a masamba ndi a ngala. M'chilimwe dzuwa lilipo lokwanira, kusowa madzi basi. Ndiye kuti chuma chenicheni cha mpunga m'dziko muno chagona m'miyezi imene minda yambiri imakhala ili gwa, ng'ombe zikudyamo ziputu. Koma mwayi umenewo uli ndi khomo lopapatiza, pakati pa chisanu cha Julayi ndi moto wa Okutobala, ndipo khomolo lili pa malo osiyana ku Hara, ku Lifuwu, ku Likangala ndi ku Muona.

Tsopano madzi. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya mpunga wosakonola, munda umafuna malita pafupifupi 2,500, kuwerengera ndi amene amalowa pansi komanso amene amauma ndi dzuwa. Mpunga wambiri m'Malawi sulimidwa m'masikimu, umalimidwa m'madambo modalira mvula. Mlimi wotere alibe chitseko cha ngalande. Madzi akachedwa, mbande zimakalambira pa nazale, ndipo mbande yokalamba siphukira ana ambiri. Ng'amba ikagwa mu Febuluwale kapena Malichi pamene mpunga ukuchita maluwa, palibe feteleza amene angaubweze. Chigwa cha Chilwa ndicho chimandiphunzitsa zambiri pamenepa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka, ndi yosaya, ndipo imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linasanduka dothi long'ambika, mabwato ali gone pamtunda. Zaka zoterozo mitsinje imene imathirira masikimu imakhala itaphwa kale. Kumeneko funso loyamba la mlimi si lakuti ndi mbewu iti imabereka kwambiri. Amafunsa kuti ndi iti imene ipse madzi asanathawe. Mbewu ya masiku 110 yopatsa matumba ochepa imaposa ya masiku 150 imene ikanapatsa ambiri madzi akanakhalapo.

Walira mvula walira matope, anatero akuluakulu, ndipo zaka zapitazi matope tawaona. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe patangopita miyezi iwiri, kenako Freddy mu Malichi 2023 amene anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala. Anthu amaganiza kuti mpunga poti umakhala m'madzi suopa kusefukira. Umaopa. Ukamizidwa wonse mpaka nsonga kwa masiku angapo, makamaka m'madzi amatope osalowa kuwala, umafa. Choipa kwambiri n'chakuti madzi amasiya mchenga m'minda, amagumula ngalande ndi malo opatutsira madzi pamtsinje, ndipo sikimu imakhala zaka ikudikira wokonza. Komatu njira yochepetsera vutoli ilipo. Ofufuza anapeza mtundu wina wakale wa mpunga ku Odisha, m'dziko la India, umene umatha kukhala pansi pa madzi ngati wagona tulo. Anatenga khalidwe limeneli n'kulilowetsa m'mbewu zimene alimi amazikonda kale, ndipo mu 2009 India anavomereza mtundu wotchedwa Swarna-Sub1, umene umapirira kumizidwa mpaka masabata awiri. Mlimi wa ku Nsanje ndi wa m'mphepete mwa Songwe ndi amene akufunika mbewu yamtunduwu. Wa kumtunda kwa dambo louma msanga alibe nayo ntchito, iye akufuna yopirira ng'amba.

Amene akukayikabe akumbukire chaka cha 2024. El Niño atauma nayo mvula, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Kumwera mbewu zinapserera m'minda. Masabata omwewo anthu a ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota anali m'misasa atathawa madzi osefukira, ndipo nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete mwake. Chaka chimodzi, dziko limodzi, wina mpunga wake ukupsa ndi dzuwa, wina ukumira. Izi si zachilendo kwa odziwa zanyengo: El Niño kawirikawiri amachepetsa mvula kumwera pamene kumpoto imatha kugwa yokwanira ngakhale yopitirira. Nanga uthenga umodzi wakuti "chaka chino kuli chilala, bzalani zocha msanga" ungakhale bwanji woona kwa onse?

Apa ndi pamene ndimasemphana ndi mmene timathandizira alimi. Kuyambira pa sabuside ya 2005 mpaka pa AIP imene inayamba mu 2020, maganizo athu akhala a thumba limodzi la NPK ndi limodzi la urea kwa aliyense, kulikonse kumene ali. Ndi maganizo obadwira m'munda wa chimanga. Urea wothiridwa m'dambo limene madzi akuyenda kuchoka m'ndime ina kupita m'ndime ina amakathera kwa mnansi wa kumunsi kapena m'nyanja. Kilombero, poti ndi wamtali, mukamuthira wambiri amagwa pansi mphepo ikawomba, ngala n'kuwolera m'matope. N'chimodzimodzi ndi njira ija yowokera mbande imodzi yanthete, ya masiku osapitirira 12, motalikirana masentimita 25, imene inayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980 ndi wansembe wina, bambo Henri de Laulanié. M'sikimu yosalazidwa bwino, mmene mlimi angathe kulowetsa madzi ndi kuwatulutsa, njirayi imapulumutsa mbewu ndipo imachulukitsa zokolola. Koma kamuuzeni zimenezo mayi wa m'dambo limene madzi amafika m'mawondo usiku umodzi wokha. Kambande ka masiku 10 kamira tsiku lomwelo. Iye akamawokera mbande zazitali zitatu pa phando limodzi sakukana chitukuko, akulidziwa dambo lake.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe, ndipo sindichipeputsa. Anena kuti tisabisale kumbuyo kwa nyengo. Alimi ambiri amabzala mbewu yobwereza zaka ndi zaka mpaka inasakanikirana, minda ndi yosasalaza, udzu umapaliridwa mochedwa, ndipo ngakhale m'sikimu imodzi momwemo wina amakolola kawiri kuposa mnzake wa ndime yoyandikana. Zonsezi n'zoona. Ndikuvomereza kuti kusiyana kwa matani 2 ndi matani 5 kwambiri kuli m'manja mwa anthu, osati m'mitambo. Koma funsani chifukwa chimene mlimi wanzeru zake amalekera kugula mbewu yabwino ndi feteleza. Munthu amene zaka ziwiri mwa zisanu munda wake umauma kapena kumira sangaike ndalama ya fizi ya mwana m'matope. Amalima mosamala thumba lake, kuti chikalephereka asalire kwambiri. Mupatseni madzi odalirika, muona yekha akufunafuna mbewu yovomerezeka. Ulesi umene timauona m'maso mwathu nthawi zambiri ndi masamu a munthu amene nyengo inamuluma kangapo. Ndiye kukonza kalimidwe ndi kumvetsa nyengo ya dera si nkhani ziwiri zopikisana, yachiwiriyo ndi imene imatsegulira yoyamba.

Ena anena kuti malangizo a dera ndi dera ndi odula, alangizi ndi ochepa, mmodzi akusamalira mabanja masauzande. N'zoonanso. Koma madera a mpunga m'dziko muno mukhoza kuwawerenga ndi zala za manja awiri. Sitikupempha kalendala ya mudzi uliwonse. Tikupempha kuti malo ofufuzira mpunga a Lifuwu ku Salima, pamodzi ndi nthambi yoona zanyengo ndi aphunzitsi a kusukulu yaukachenjede ya zaulimi ya LUANAR, akhale pansi n'kulemba tsamba limodzi la Karonga, limodzi la Nkhotakota ndi Salima, limodzi la Bwanje, limodzi la Chilwa, limodzi la chigwa cha Shire. Tsamba lililonse linene mitundu yoyenera dzinja ndi yoyenera chilimwe, sabata yofesera, sabata yomaliza imene munthu angawokere osataya mphamvu pachabe, ndi chochita chaka cha El Niño. Lizikonzedwanso chaka ndi chaka ulosi wa mvula ukatuluka. Njira zofikitsira uthengawo zilipo kale. Tuntufye FM imamveka ku Karonga, Nkhotakota ili ndi wailesi yakeyake, Chanco Community Radio imafika kuchigwa cha Chilwa. Makomiti a madzi m'masikimu amakumana kale. Ndalama yake singafike ngakhale pa kachigawo kakang'ono ka zimene timawononga pa feteleza wa chaka chimodzi.

Ndibwerere kwa Kilombero, chifukwa pali chiyeso chimene ndimachiopa. Munthu wowerenga matani okha anganene kuti mbewuyi ndi yotsalira: imachedwa, imagwa, imabereka pang'ono poyerekeza ndi mitundu yaifupi. Akhoza kulimbikitsa alimi a ku Karonga kuti aisiye. Kungakhale kulakwitsa kwakukulu. Sitingapikisane ndi Thailand, Vietnam kapena India pa mpunga wamba wotchipa. India yekha amagulitsa pafupifupi 40 pa 100 aliyense a mpunga wodutsa malire a maiko. Chimene tili nacho ndi fungo limene malo athu ena amapereka. Amwenye ndi a ku Pakistan sanasiye Basmati chifukwa chobereka pang'ono. India anateteza dzinalo mwalamulo kuti likhale la mpunga wolimidwa m'madera odziwika a kumpoto, monga Punjab ndi Haryana. A ku Thailand anachitanso chimodzimodzi ndi mpunga wawo wonunkhira wa ku Thung Kula Rong-Hai, dera louma la dothi losauka limene zokolola zake n'zochepa koma mtengo wake ndi wokwera. Dzina lakuti Kilombero linachokera kuchigwa cha ku Tanzania, ndiye sitingalitsekere m'thumba mwathu tokha. Koma mawu akuti "wa ku Karonga" ndi athu, ndipo lero aliyense akuwagwiritsa ntchito ulere. Venda amasakaniza thumba limodzi la weniweni ndi awiri a wamba, wogula akakhumudwa amatukwana Karonga, mlimi wa ku Kaporo n'kumalandira mtengo wa mpunga wamba. Ngati nyengo ya dera lake imamupatsa matumba ochepa onunkhira, lamulo limuteteze kuti fungolo lizimulipira.

Za masikimu ndinene mwachidule, poti aliyense amene anafikako anaona. Ngalande zambiri zinadzaza mchenga, ndipo mchengawo ukuchokera kumapiri kumene mitengo inatha ndi makala. Mtsinje wa phiri lopanda mitengo umabwera ndi ukali mu Januwale n'kuphwa mu Seputembala, nthawi yeniyeni imene mpunga wa chilimwe ukufuna madzi. Sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la Japan, inakhala zaka zambiri ikulimidwa kachigawo kochepa m'chilimwe chifukwa mtsinje wa Namikokwe unkachepa, mpaka anachita kumanga damu. Wolima mpunga ku Likangala tsogolo lake lili m'manja mwa wodula mitengo m'phiri la Zomba, ngakhale awiriwa sanaonanepo. Kumene madzi ndi ochepa koma chitseko chilipo, pali njira yoyesedwa kale: kukwirira kapaipi koboolaboola m'munda, kusiya madzi aphwe mpaka atsike masentimita 15 pansi pa nthaka, ndiye n'kuthiriranso, kupatula nthawi ya maluwa. Imapulumutsa madzi mpaka 30 pa 100 aliyense osachepetsa zokolola, ndipo a kumapeto kwa ngalande, amene nthawi zonse amalandira zotsala, akhoza kupuma.

Maso anga tsopano ali kuchigwa cha Shire, kumene kukukumbidwa ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala oposa 40,000 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Namondwe Ana anaigumula kale poyambira pake mu 2022, madzi asanafike m'munda ngakhale umodzi, ndipo anazimitsa nawo magetsi a pa Kapichira. Madziwo akadzafika, ambiri adzafuna kubzala mpunga, ndipo ambiri adzafuna Kilombero chifukwa ndi amene ali ndi dzina pamsika. Adzakhala akuubzala m'dera lotentha koposa onse m'dziko muno, kumene usiku wa Novembala munthu amagona panja. Ku Kasinthula, ku Chikwawa komweko, kuli kale malo ofufuzira zaulimi. Ndikupempha kuti ayambe lero kufesa mitundu yosiyanasiyana mwezi ndi mwezi, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, awerenge ngala zodzaza ndi zopanda kanthu, ayeze woswekera kuchigayo, aphike ndi kulawa, kenako zotsatirazo azipachike pa bolodi m'Chichewa ndi m'Chisena pamene alimi a m'makopaletivu angaziwerenge asanagule mbewu.